Tsatani Dzina Lachiwiri

Mwezi wathawu tinaitanidwa ku Wusakile, kuno ku Kitwe, kunyumba ya mayi wina wamasiye amene anali kumanga katundu kuti abwerere kwawo ku Katete. Malemu amuna awo anagwira ntchito pa mgodi wa Nkana kuyambira unyamata wawo mpaka kupuma. Tinapeza mipando itagulitsidwa kale, miphika itakulungidwa m'zitenje, ndipo pabalaza panangotsala mphasa ndi bokosi lachitsulo lochita dzimbiri m'makona.

"Aphunzitsi, tatsegulani muone," anatero mayiwo. "Ana akuti tikataye kudzala, poti galamafoni inafa kalekale. Koma ine mtima ukukana. Bambo awo ankazisamala ngati mazira."

M'bokosimo munali mbale za galamafoni zoposa 40. Zambiri zinali za rumba ya ku Congo, zina za kalindula, zinanso za magulu a anyamata a kuno ku Migodi a m'zaka za m'ma 1970. Pansi penipeni panali chimbale china chimene chikuto chake chinali chitasuluka. Dzina la Dollar Brand tinalizindikira msanga, pakuti ndani wa msinkhu wathu amene sanamvepo nyimbo yake ija ya Mannenberg? Titayang'anitsitsa tinapeza dzina lachiwiri, Johnny Dyani. Lachitatu panalibe. Oimba anali awiri basi.

"Chimenecho ndicho ankaika usiku ana akagona," anapitiriza mayiwo. "Anachita kupatsidwa ndi mzungu wina wa pamgodi pamene ankabwerera kwawo. Ine poyamba ndinkaseka, nkumati, kodi anzawo oimba nawo anathawa? Iwo amvekere, amake mwana, takhalani chete mumve mmene awiriwa akupatsirana mpata. Tsono ndinazolowera. Lero ndikufuna nditachimvanso, koma poimbira palibe."

Mawu a malemuwo ndiwo atipatsa nkhani ya mwezi uno. Pali nyimbo zambiri za jazz zoimbidwa ndi anthu awiri okha, zimene wailesi siitipatsa ndiponso sizilengezedwa m'misika. Zina mwa zokoma kwambiri zinaimbidwa ndi ana a mu Africa muno, ndipo zina zili m'mabokosi a m'nyumba zathu, kudikira tsiku lopita kudzala. Njira yozipezera ndi yapafupi: musaime pa dzina lalikulu la pachikuto. Funani dzina lachiwiri, mulitsate kumene likupita.

Minsi iwiri mumtondo umodzi

Amene munakulira kumudzi mukukumbukira amayi awiri akusinja chimanga mumtondo umodzi. Munsi wina ukamatsika, wina umakhala ukukwera. Palibe wowawerengera, palibenso ng'oma yowatsogolera. Aliyense amangomvera mnzake. Mmodzi akangofulumira pang'ono, minsi imawombana ndipo chimanga chimamwazika. Jazz ya anthu awiri ndi yotero.

Mu jazz oimba amayamba ndi nyimbo imene onse akuidziwa, kenaka amayamba kupeka zatsopano pomwepo, koma osataya msana wa nyimboyo, kufikira atabwerera pamene anayambira. M'gulu la anthu asanu kapena khumi ntchito imeneyi imagawidwa. Wa ng'oma amasunga nthawi, wa besi amagwira maziko, wa piyano amadzaza pakati, ndipo wa lipenga ndiye amayankhula. Wina akaphonya, phokoso la anzake limamubisa. Koma akatsala awiri, aliyense amasenza ntchito ya anthu angapo, ndipo cholakwa chimaonekera ngati ntchentche mumkaka. Ngakhale kukhala chete kumasanduka mbali ya nyimbo, chifukwa mmodzi akaleka kuimba amakhala akuuza mnzake kuti mpata ndi uwu, lankhula.

Kaimbidwe kameneka si ka dzulo. Mu December 1928, ku Chicago, Louis Armstrong ndi lipenga lake ndi Earl Hines pa piyano anajambula nyimbo yotchedwa Weather Bird. Ndi ya mphindi zosakwana zitatu, koma mpaka lero ophunzira nyimbo amaimvetsera kuti aone mmene anthu awiri angathamangitsirane popanda kupondana. Mu 1940 Duke Ellington, amene anali ndi gulu lalikulu lotchuka, anasiya gulu lonselo panja nalowa mojambuliramo ndi mnyamata mmodzi woimba besi, Jimmy Blanton. Besi imene tikunena pano ndi chija chonga gitala wamkulu choimika pansi, chofanana msinkhu ndi munthu, chimene kwathu tinachitengera popanga babatoni. Kufikira nthawi imeneyo ntchito yake inali kungogunda kumbuyo, koma Blanton anaonetsa kuti nayo ingathe kutsogolera nyimbo. Mnyamatayo anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1942 ali ndi zaka 23. Patapita zaka 30, mu 1972, Ellington anajambula chimbale china ndi Ray Brown, awiri okha, pomukumbukira: This One's for Blanton.

Nanga bwanji zimbale zotere sizitchuka? Zifukwa zake ndi za malonda. Wailesi imafuna nyimbo yovinika, ndipo mwini bala amafuna yokweza imene ingapose phokoso la omwa. Makampani akuluakulu ankaona kuti anthu awiri pachikuto sakopa wogula. Motero zambiri mwa zimbalezi zinatulutsidwa ndi timakampani ting'onoting'ono ta anthu okonda nyimbo, monga Enja ya ku Munich, yoyambidwa mu 1971, ndi SteepleChase ya ku Copenhagen, yoyambidwa mu 1972. Timakampani totere tinalibe ndalama zolengezera malonda. Chimbale chinkatuluka mwakachetechete, nkugulidwa ndi ochepa, nkumayenda m'manja ndi m'manja monga chinachitira chija cha ku Wusakile.

Kwathu kuno zinalipo

Wina anganene kuti izi ndi za ku America ndi ku Ulaya, ife sizitikhudza. Koma tikumbukire kuti mawu akuti jazz makolo athu anawalandira nawapatsa ntchito yawoyawo. Ku Congo kunali African Jazz ya Joseph Kabasele ndi OK Jazz ya Franco. Ku Malawi, Alan Namoko, woimba banjo wakhungu uja, gulu lake linali Chimvu Jazz. Kwa iwo jazz inali nyimbo yatsopano ya m'tauni, yoimbidwa ndi zingwe, imene munthu amaikometsera yekha pamene akuimba. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kaimbidwe kofala m'dziko la Nyasaland kanali ka anthu awiri, wina pa banjo wina pa gitala.

Kuno ku Migodi ndi kutsidya kwa malire ku Katanga, awiriwo kawirikawiri anali woimba gitala ndi mnzake womenya botolo ndi mpeni kapena msomali. Botolo lija si chinthu chochepa. Ndilo limasunga nthawi, ndipo woimba gitala amatha kusewera momasuka chifukwa akudziwa kuti mnzake sagwedezeka. Hugh Tracey, amene anayenda ndi makina ojambulira mawu m'maiko ambiri a kuno, anajambula Jean Bosco Mwenda ku Jadotville, kumene lero timati Likasi, mu 1952. Mu 1957 anafika m'makomboni a migodi yathu najambula oimba gitala monga Stephen Tsotsi Kasumali. Zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, imene Tracey anayambitsa mu 1954, ndipo kuyambira 1978 ili pa Rhodes University ku South Africa. Michael Baird, woimba ng'oma wobadwira ku Lusaka, anasankhamo zina nazitulutsa pa kampani yake ya SWP Records, m'chimbale chotchedwa Origins of Guitar Music. Chinanso chotere, chotulutsidwa ndi kampani ya Original Music, ndi From the Copperbelt: Zambian Miners' Songs. Si nyimbo zonse m'zimbalezi zili za anthu awiri, koma amene afuna kumva mmene agogo athu ankapatsirana mpata ayambire pamenepo.

Tisaiwalenso abale awiri a m'mudzi wa Singano, pafupi ndi Chileka ku Malawi: Daniel ndi Donald Kachamba. Kwela anaiphunzira ali ana ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Daniel ankaimba gitala, Donald chitoliro. Katswiri wa nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba ku Blantyre mu 1967, ndipo buku limene analemba za gulu lawo linatuluka mu 1974 pansi pa Institute for African Studies ya University of Zambia. Gululo linkakhala ndi ena othandiza, koma mtima wake unali kuyankhana kwa abale awiriwo. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Ndi angati mwa ana athu amene anamvapo mayina amenewa?

Kumene dzina lachiwiri linatifikitsa

Tibwerere tsopano ku chimbale cha m'bokosi chija. Dzina lake ndi Good News from Africa, chinajambulidwa ku Germany mu December 1973 ndipo chinatuluka pa Enja. Dollar Brand, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina lakuti Abdullah Ibrahim, anabadwira ku Cape Town mu 1934 ndipo anachoka kwawo mu 1962 chifukwa cha tsankho. Johnny Dyani anali wa ku East London. Iye anachoka mu 1964 pamodzi ndi gulu la Blue Notes, limene malamulo a tsankho ankalivutitsa chifukwa munali akuda ndi mzungu. Anamwalira ku Berlin mu 1986 asanaone dziko lake lili pa ufulu. Choncho m'chimbalemo mukumva anthu awiri a kwawo kumodzi amene akumana kuchilendo. Muli nyimbo yakale ya Ntsikana, mlaliki wa Chixhosa uja, ndipo onse awiri amaimbamo ndi pakamwa pomwe. Tcherani khutu kwa Dyani. Nthawi zina amangobwereza kachigawo kamodzi, osasintha, ngati munthu wogwirira makwerero kuti mnzake akwere. Nthawi zina besi yake imatsogola ndipo piyano ndiyo imatsatira. Awiriwa anakumananso mu 1979 najambula Echoes from Africa, chimene ndi chofatsa koposa.

Titamva zimenezi tinafunsa kuti, kodi Dyani anaimbanso ndi yani? Dzina lake linatifikitsa kwa Mal Waldron, woimba piyano wa ku New York, amene anajambula naye ku Paris mu 1981. Waldron ndi munthu wa dzina lachiwiri weniweni: ndiye ankaimbira piyano mayi wotchuka uja Billie Holiday kuyambira 1957 mpaka imfa ya mayiyo mu 1959. Amaimba ndi mawu ochepa, obwerezabwereza, olemera. Titamutsata iyenso, tinafika kwa Steve Lacy, woimba sakisofoni yaing'ono yowongoka, ndi chimbale chawo cha 1986 chotchedwa Sempre Amore, mmene muli nyimbo za Ellington ndi mnzake Billy Strayhorn. Taonani: tachoka ku Wusakile, tadzera ku East London ndi ku Paris, ndipo tabwereranso kwa Ellington, popanda wotilondolera wina koma mayina a pachikuto.

Njira ina inayambira kwa Dollar Brand yemweyo, pakuti iye ankakonda kuimba ndi munthu mmodzi. Mu 1968, ku Milan, anajambula ndi Gato Barbieri wa ku Argentina chimbale chotchedwa Hamba Khale. Tikuchenjezeni kuti chimenechi ndi chaukali. Sakisofoni ya Barbieri imalira ngati munthu wa pamaliro, ndipo si cha tsiku loyamba. Mu 1977 anajambula Streams of Consciousness ndi Max Roach woimba ng'oma. Mu 1978 anajambula Duet ndi Archie Shepp, ndipo apa tinapezanso dzina lachiwiri loyenera kulitsata.

Archie Shepp ankadziwika m'zaka za m'ma 1960 ngati woimba sakisofoni waukali, wolusira tsankho la ku America. Koma mu 1977, ku Copenhagen, anakhala pansi ndi Horace Parlan najambula Goin' Home, chimbale cha nyimbo zauzimu zimene akapolo ndi zidzukulu zawo ankaimba. Parlan anadwala poliyo ali mwana, ndipo zala zina za dzanja lake lamanja zinapuwala. Chifukwa cha ichi anaphunzira kusenzetsa dzanja lamanzere ntchito yaikulu, ndipo sankatha kuthamanga pa piyano monga anzake. Chimene ena akanachiyesa chilema ndicho chinamupanga mnzake wabwino wa woimba lipenga: sadzaza malo onse, amasiya mpata. Mu 1980 awiriwa anajambulanso Trouble in Mind. Ngati m'nyumba mwanu muli agogo amene amati jazz ndi phokoso chabe, ayambitseni ndi Goin' Home.

Nyimbo zauzimuzo zinatitsogolera kwa Hank Jones ndi Charlie Haden, piyano ndi besi, m'chimbale cha Steal Away chimene chinatuluka mu 1995. Haden nayenso anadwala poliyo ali ndi zaka 15. Matendawo anamugwira pakhosi, nasiya kuimba ndi pakamwa, natembenukira ku besi. Awiriwa anabwerezanso ntchito yotere kumayambiriro kwa 2010, m'chimbale cha Come Sunday. Patangopita miyezi yochepa Jones anamwalira ali ndi zaka 91, ndipo chimbalecho chinatuluka mu 2012. Mukachimvetsera mudzaona kuti nkhalambayo siikufuna kudabwitsa munthu aliyense. Ikungoimba nyimbo monga ilili, ndipo mnzake akuiperekeza pang'onopang'ono.

Chotsiriza chimene titchule ndi cha kufupi ndi kwathu. Philip Tabane wa ku Mamelodi, pafupi ndi Pretoria, anatchuka mu 1964 pamene gulu lake la Malombo linapambana mpikisano wa jazz pa bwalo la Orlando ku Soweto. Anzake oyamba atapatukana naye, anapitiriza ndi mnyamata mmodzi womenya ng'oma zachikuda, Gabriel Mabi Thobejane. Chimbale chawo cha 1969 chimayamba ndi mawu akuti The Indigenous Afro-Jazz Sounds. Muli gitala wamagetsi ndi ng'oma za chikopa, ndipo amene anakulira pafupi ndi bwalo la gule adzamva kuti ng'omazo zikuyankhula, sizikungosunga nthawi. Tabane anamwalira mu 2018. Dzina la Thobejane ndi ochepa amalidziwa, koma mutalichotsa, theka la nyimbo lapita.

Si awiri onse amene amamvana

Tisakunamizeni kuti chimbale chilichonse cha anthu awiri ndi chokoma. Mayina aakulu awiri sapanga okha nyimbo yabwino. Chitsanzo chodziwika ndi cha mu April 1977, ku Carnegie Hall mu New York. Mary Lou Williams, mayi amene anaimba piyano kuyambira masiku oyambirira a jazz, yemwenso anabatizidwa mu Mpingo wa Katolika mu 1957 napeka nyimbo za Misa, anakonza zoimba pamodzi ndi Cecil Taylor, katswiri wa kaimbidwe katsopano kopanda malire. Piyano zinali ziwiri, ndipo mayiyo anabweretsanso wa besi ndi wa ng'oma. Cholinga chinali kuyanjanitsa zakale ndi zatsopano. Koma ambiri amene anamva anati aliyense ankangoyenda njira yake. Chimbale chake, Embraced, chilipo, ndipo nchothandiza kuchimva kamodzi, kuti khutu lidziwe mmene minsi imamvekera ikawombana.

Nanga chabwino tingachidziwe bwanji? Ife timayesa ndi mafunso atatu. Loyamba: mmodzi akamatsogola, kodi winayo akuchita chiyani? Siyani kumvera wotsogolayo, mutsate wa kumbuyo kwa mphindi imodzi yathunthu. Ngati zimene akuimba zikusintha molingana ndi zimene mnzake wangonena kumene, ndiye kuti akumvetsera. Ngati akungopita ngati chigayo, palibe kucheza pamenepo. Lachiwiri: kodi amasinthana? Pa awiri omvana, wa kumbuyo amapatsidwa nthawi yake, ndipo wotchuka uja amavomera kutsika kukagwira maziko. Lachitatu: kodi muli mpata? Oimba oopana amadzaza paliponse chifukwa chete amawachititsa mantha. Okhulupirirana amalola nyimbo kupuma.

Mayeso amenewa safuna sukulu ya nyimbo. Amafuna nthawi. Chimbale chotere sichigwira mtima pa ulendo woyamba monga imachitira rumba. Chimvetsereni katatu, masiku osiyana, wailesi yakanema itazimitsidwa, musanachiweruze. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kofuna ndi kasungidwe

Malo oyamba kufunako ndi m'nyumba mwanu momwe, ndi kwa achibale okalamba. Migodi yathu inasonkhanitsa anthu ochokera kutali: a ku Malawi, a ku Congo, a ku Zimbabwe, othawa tsankho a ku South Africa, ndi azungu a makontirakiti, ndipo aliyense ankabwera ndi nyimbo zake. Ku Ndola kunali kampani ya Teal imene inkadinda mbale, ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo imene inatulutsa magulu ambiri a kuno. Mbale zinali zambiri m'makomboni mwathu. Makaseti atabwera tinaziyesa zachabe. Ana anaziponya m'mwamba ngati zoseweretsa, zina zinavundikira ndowa. Kenaka tinadzamva kuti anthu a kunja akuzifunafuna. Mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za gulu la WITCH la kuno ku Kitwe, ndipo zimene ife tinataya zinayamba kugulidwa ku America ndi ku Ulaya. Phunziro limenelo lisatipite kawiri. Munthu wachikulire akamwalira kapena akamasamuka, bokosi la mbale lisatayidwe wina asanawerenge mayina onse a pazikuto, aakulu ndi aang'ono omwe.

Mukazipeza, zisungeni choimika ngati mabuku, osati kuzisanjikiza, ndipo zikhale kutali ndi dzuwa ndi kutentha kwa pansi pa malata, chifukwa zimapindika. Pozipukuta gwiritsani ntchito kansalu kofewa ndi madzi oyera pang'ono, motsata mizere yake. Zakale kwambiri zija zolemera, zolembedwa 78, zimasweka ngati mbale yadothi, ndipo sipiriti imazisungunula, musaziyandikize nayo. Musaziimbenso ndi singano yotha, pakuti imakumba mizere ndipo chimene chakumbidwa sichibwerera.

Malo achiwiri ndi pa foni. Zambiri mwa zimbale zimene tatchulazi zimapezeka pa intaneti, pa YouTube ndi malo ena omvetserapo nyimbo. Koma makinawo amakonda kukupatsani zimene anthu ambiri amvetsera kale, choncho mukalemba dzina lotchuka lokha mudzalandira zotchuka zokhazokha. Lembani mayina onse awiri pamodzi. Mukapeza chimene chakukomerani, lembani dzina lachiwirilo palokha, muone amene anaimba nayenso. Yang'ananinso dzina la kampani imene inatulutsa chimbalecho, chifukwa timakampani tating'ono tija tinali ndi khutu limodzi: ngati chimodzi chakukomerani, zinzake sizikhala kutali. Ngati maso kapena zala zikuvuta, itanani mdzukulu. Iye adziwa foni, inu mudziwa kumvetsera, ndipo pamenepo mwakhala kale awiri.

Chenjezo limodzi lofunika ndi ili: kasipika ka foni sikatulutsa mawu apansi. Mukamvetsera Dollar Brand ndi Johnny Dyani pa foni yokha, mudzamva piyano, koma besi idzasowa, ndipo mudzati chimbalechi nchopanda kanthu. Lumikizani foni ku wailesi ya m'nyumba kapena ku sipika yokulirapo, apo ayi valani zomvetsera za m'makutu. Kungakhale kulakwa kwakukulu kuvutika kufunafuna dzina lachiwiri kenaka nkulitsekera kunja.

Za bokosi lija

Mwina mukufuna kudziwa mmene nkhani ya ku Wusakile inathera. Titafunsafunsa, tinamva za mkulu wina wokonza mawailesi ku Chifubu, ku Ndola, amene akali ndi galamafoni yamoyo. Loweruka lina tinakwera basi ndi mayi aja pamodzi ndi mdzukulu wawo wamwamuna, chimbale chili m'chitenje pamiyendo. Mkuluyo anachipukuta, nayang'ana singano, nachiika. Chinali ndi mikwingwirima, ndipo pena singano inkadumpha. Mayiwo anakhala pa benchi osayankhula mpaka mbali yoyamba inatha.

"Tembenuzani, achimwene," anatero. "Kuseriko ndiko ankakonda."

Mdzukulu uja, amene masiku apitawo anali mmodzi wa onena kuti bokosi lipite kudzala, anafunsa kuti, "Agogo, kodi chikulira pansicho nchiyani?" Agogo ake anamuyankha kuti afunse aphunzitsi, ndipo ife tinamuonetsa dzina lachiwiri pachikuto. Analilemba m'foni mwake. Pobwerera m'basi anali atapeza kale Echoes from Africa, chimene malemu agogo ake aamuna sanachimvepo. Nyimbo zonse ziwiri anaziika pa kakhadi kolowetsa m'wailesi, ndipo mayiwo apita nako ku Katete. Bokosi latsala ku Kitwe m'manja mwa mnyamatayo, mbale zitaimikidwa bwino. Watiuza kuti akuwerenga zikuto chimodzichimodzi.

Makolo anati kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu. Ife tionjezepo kuti awiriwo amakhala anthu pokhapokha wina akamamvera mnzake. Ngati m'nyumba mwanu muli bokosi lotere, litseguleni sabata ino, ndipo mutilembere kudzera kwa akonzi kutiuza mayina amene mwapezamo, makamaka aja olembedwa ndi zilembo zazing'ono.